Pasipoti Inali M'jekete ya Malemu

Uthenga unandipeza pamwamba pa phiri, ine nditawerama, manja ali m'thumba la mbatata ya kachewere. Ndinakwera m'mamawa kukapikula, monga ndichitira Lachiwiri lililonse, nkhungu ili mbuu, mitengo ya paini ikungodontha. Foni inalira pamfundo ya chitenje. Ndimasule, ndimasule, zala zauma ndi mphepo, mfundo ikukana. Ndinachita kuiluma ndi mano, timano tomwe tinatsalati.

Anali anansi anga, amayi a taipi. Timawatchula choncho chifukwa anakalambira pa makina olembera makalata m'maofesi a boma.

"Anganga, muli kuti?"

"Kuphiri, mayi. Kwagwanji?"

"Khalani pansi kaye."

"Ndakhala." Ndinanama, sindinakhale.

"Aimba a ku ofesi ya mapasipoti. Chilolezo cha apongozi anu chatuluka. Miyezi isanu ndi umodzi."

Ee! Chatuluka, chatuluka, anthu inu chatuluka! Thumba ndinalitaya, mbatata gubudugubudu kutsetsereka, ine osaiona n'komwe. Ndinaimba nthungululu imodzi, phiri linandibwezera. Ndinaimba yachiwiri, anyani anathawa mumsewu. Bambo amene ankandigulitsa mbatatayo anati, "Agogo, mwatola chiyani?" Ndinati, "Ndatola miyezi, bambo, miyezi yathunthu, yosabooka ndi anankafumbwe!" Anayang'anizana ndi mkazi wake, kuona ngati gogoyu zamusokonekera.

Ndinaimbiratu zonse kumtunda komweko, mpaka kukhosi kunauma, chifukwa kunyumba kwanga ku Likangala sikunali koimba nthungululu. Inali idakali nyumba ya maliro.

Mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo, anakakwatira kutsidya kwa Chilwa, ku Mozambiki, kumene ankagula matemba. Anakhala komweko kwa mkazi wake, nabereka kamwana kamodzi kakakazi. Matenda atamugwira pachifuwa anati, ndikaonedwe kwathu. Anabwera atatu. Kamwanako bambo wake anali atakalembetsa kale kuti ndi ka kuno, ndiye kanalibe nkhani. Koma mpongozi wanga pachipata cha m'malire anamudindira masiku makumi atatu, masiku a mlendo. Ndani ankaganiza za masiku? Tinkaganiza za mpweya wa wodwala. Masiku asanu ndi anayi m'chipatala, lakhumi tinamunyamula m'jeneza kupita kumanda.

Kwa ife Asilamu, mkazi akafedwa mwamuna amakhala eda: miyezi inayi ndi masiku khumi m'nyumba imene imfa yamupeza, osavala zowala, osadzola zonunkhira, osayendayenda. Mpongozi wanga imfa inamupeza m'nyumba mwanga. Tinamuyalira mphasa kuchipinda, tinapachika nsalu pakhomo, eda inayamba.

Ndinalira, ndinalira, koma pansi pa kulirako ndinabisapo kanthu. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ndinkadziwa kuti eda ikadzatha, mdzukulu wanga adzawoloka ndi amake, ine ndidzatsala ndi mphasa. Ndiye miyezi inayi ija inali yanga. Kamwanako kali ndi makutu a bambo ake, otambalala ngati akufuna kumva za m'nyumba ya eni. Kakamayenda kamaponya mwendo wamanzere kunja, ngati iye, ngati iye ndithu. Ndinati, Mulungu mwanditengera wamkulu, kang'onoka mundibwereke miyezi inayi.

Tsono kulakwa kwanga ndi uku. Pamtundu pathu, zovala za malemu timazilonga tsiku la maliro, mwini mbumba n'kumanga chingwe, osatsegulanso mpaka alubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi. Pamenepo ndi pomwe amamasula pamaso pa onse n'kugawa. Wolonga ndinali ine. Malaya ndinapinda, mathalauza ndinapinda. Nditafika pa jekete yake yakhofi, fungo lake linandimenya, fungo la matemba ndi sopo, ngati mwini wake wangoivula kumene. Ndinaipinda msangamsanga nkhope ili kumbali, osapisa m'matumba. Zonse zinalowa m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija amanyamula a geni. Achimwene anga aakulu, eni mbumba, anakoka zipi, anazunguliza chingwe, anamanga mfundo, chikwama chinakwera pamitanda ya denga.

Patapita masabata awiri, amayi a taipi anabwera ndi nkhuni kudzatipepesa. Iwo ndi a Mvano, ife a kumzikiti, koma mpanda wathu ndi umodzi ndipo nkhuku zathu zimaikira malo amodzi. Atakhala pang'ono anati, "Anganga, chidindo cha apongozi anu mwachiona?"

"Chidindo chiti?"

"Cha m'pasipoti. Mlendo amapatsidwa masiku. Asanathe, ayenera kukapempha kuti amuwonjezere."

"Koma si mlendo, ndi namfedwa. Boma silikudziwa kuti tili pamaliro?"

"Chidindo sichinabwere kumaliro, anganga. Masiku akadutsa, munthu amasanduka ngati wolowera pawindo. Akhoza kumuuza kuti atuluke, ndipo kudzalowanso kumavuta."

Tinafuna pasipotiyo, tinafuna. Pansi pa matiresi, m'zitini, m'dengu la nyemba, m'kachikwama ka mpongozi wanga. Kenaka mawu anachokera kuseri kwa nsalu, mawu aang'ono. "Amayi, ankasunga ndi amuna anga. M'jekete, thumba lam'kati."

Tonse tinayang'ana kudenga.

M'mawa mwake ndinapita ku Sadzi, kwa achimwene. Achimwene anga ndi telala, amasokera pakhonde, tepi pakhosi, mapini pakamwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi makina.

"Achimwene, ndabwera ndi mlandu."

"Inu achemwali milandu yanu siitha. Chiyambire muli kamtsikana kothyola mango osapsa."

Ndinafotokoza zonse. Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, ngati akuchotsa minga.

"Chingwe chija ndinamanga ndine, mbumba yonse ikuona. Ndikamasula lero, pa alubaini adzati amalume anayamba okha kusankha malaya abwino. Mukuwadziwa anthu athu. Amayi athu atamwalira tinadikira. Abambo athu atamwalira tinadikira."

"Amayi athu analibe pasipoti, achimwene."

"Tsiku lake lidzakwana."

"Lidzakwana chidindo chitatha!"

Anaponda makina, kwererere, kwererere, kundiuza kuti nkhani yatha.

Ndinapita kwa a shehe a pamzikiti wathu. Anandimvetsera bwinobwino, nati, "Mayi, chipembedzo sichiletsa kutsegula chikwama. Zimenezo ndi za pamtundu panu, ndipo ine sindingamasule mfundo ya eni mbumba. Komanso mudziwe kuti wa eda, pakakhala chofunika chenicheni, akhoza kutuluka masana n'kubwerera." Mawuwo ndinawasenza pamutu mpaka ku Sadzi. Achimwene anati, "A shehe ali ndi mbumba yawo, akamasule kumeneko." Ndinapitanso kachitatu, ndinangokhala pakhonde pawo. Iwo anangosoka. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, ine ndinanyamuka osatsanzika.

Masiku amenewo sindinkagulitsa, benchi yanga kumsika inali yokutidwa ndi saka. Ndinkangokhala pansi pa mitanda, maso kudenga. Chikwama chili apo, ine ndili apa, pakati pathu mkono umodzi wokha. Masana ena ndinakwera pampando ndi mpeni wosendera mbatata. Ndinaugunditsa pachingwe. Dzanja linakana. Ndinati dzanja iwe dula, linakana. Ndinatsika, ndinabwezera mpeni m'dengu, ndinakhala pansi ngati mtolo wonyowa. Kuwerenga chidindo sindingathe, kumasula mfundo sindingathe, kumuuza mpongozi wanga kuti usaope sindingathe. Nanga ine ndine mayi wa chiyani?

Lachitatu m'mawa ndinamva odi. Achimwene, kapu pamutu, kachikwama ka ntchito m'khwapa. Sanakhale n'komwe.

"Itanani anthu awiri adzaone."

Ndinaitana amayi a taipi ndi azakhali athu a ku Chikamveka, amene anali kugona kwathu chiyambire maliro. Achimwene anatsitsa chikwama, anachigoneka chammbali, anatulutsa lezala. Ine ndimvekere, adula chingwe. Ayi. Chingwe sanachikhudze. Anayamba kusomola ulusi wa msoko wa pansi pa chikwama, umodziumodzi, tsee, tsee, mpaka panatseguka kampata kolowa dzanja. Anapisa mkono mpaka m'chigongono, maso ali kukhoma, akufufuza ndi zala. Kenaka anaima.

"Ndi iyi," anatero. "Ndinasoka ndine, ya ukwati wake. Thumba lam'katili anandiuza kuti amalume mulikuze, muzilowa mapepala."

Misozi inatsika mpaka m'ndevu, iwo osaipukuta, chifukwa dzanja linali m'kati. Anatulutsa mapasipoti awiri omangidwa ndi kalabala. Ya mpongozi wanga anandipatsa, ya malemu anaibwezera m'thumba momwemo. Analowetsa ulusi m'singano kamodzi kokha, nkhalamba ya maso akufa imeneyo, nasoka msoko wonse mwakachetechete. Atamaliza analoza chingwe.

"Mfundo mwaiona? Ilipo. Palibe wamasula kanthu pano."

Azakhali anati, "Taiona." Amayi a taipi anati, "Taiona." Kenaka anavala magalasi, anatsegula pasipoti, anawerenga ndi chala. "Anganga, kwatsala lero ndi mawa."

Azakhali anaima pakhomo la kuchipinda, manja m'chiuno. Anati zimene ananena a shehe ndi za m'mabuku, koma iwo chibadwire sanaonepo wa eda akuyenda mumsewu wa tala anthu akumuona. "Mutenge kabukuko mupite nokha. Phazi lake silidutsa pano."

Ndinapita ndekha ku ofesi ya mapasipoti. Muofesimo munali mabenchi, ophunzira a ku koleji, azungu awiri a zikwama kumsana, bambo wina wa taye. Nthawi yanga itakwana ndinapeza mtsikana wa yunifolomu, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anatsegula pasipoti, anayang'ana chithunzi, anandiyang'ana ine.

"Agogo, nkhope iyi si yanu."

"Si yanga, mwananga. Ine pa msinkhu umenewo ndinali wokongola kuposa pamenepo."

Anaseka, ine ndinati basi zatheka. Ndinamuuza za maliro, za eda, za jekete, zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kuseka kuja kutachoka.

"Pepani kwambiri, agogo. Koma mwini wake ayenera kubwera, ndimuone ndi maso anga, asayine yekha."

Ndinagwada. Pasimenti pomwepo, anthu onse akuona, ndinagwada.

"Dzukani agogo, chonde, musandigwadire, ine ndi mwana wanu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakudindirani pompano. Abwere mawa m'mawa. Sadzakhala pamzere."

Njira yobwerera inatalika. Ndinadutsa pamlatho wa Likangala, madzi akupita kwawo ku Chilwa opanda womufunsa chidindo. Kunyumba ndinapeza azakhali aitana amayi ena awiri achikulire, onse atatu ali pamkeka ngati bwalo la milandu. Wina akuti mwamuna wake sadzagona bwino kumanda. Wina akuti anthu adzatiseka. Ndiye nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Mpongozi wanga, amene chiyambire maliro mawu ake tinkachita kuwatchera khutu, analankhula osatuluka.

"Amayi, ndikatuluka mawa, ndibwerera dzuwa lisanafike pamutu. Ndikapanda kutuluka, adzanditulutsa osabwereranso. Eda ya amuna anga ndikufuna ndiimalizire m'nyumba muno."

Azakhali anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, kenaka anati, "Mutenge ambulera yanga yakuda."

Tinapita choncho. Kunalibe mvula, kunalibe dzuwa, koma ambulera ili pamutu, yotsitsidwa mpaka m'mapewa. Ine kumanja, amayi a taipi kumanzere, iye pakati atafunda nsalu, akuona zala za kumapazi zokha. Anyamata a kabaza amene amakuwira aliyense, tsiku limenelo anangopatuka. Mtsikana wa yunifolomu uja anasunga mawu ake. Anamulowetsa kachipinda, anamuona nkhope, anamusayinitsa, chidindo phaa! Ine mtima unayamba kale kuvina.

"Koma agogo, mumve bwino," anatero. "Masiku a mlendo ali ndi malire. Amene ndawonjezerawa ndi omaliza, ndipo adzatha eda isanathe. Kuti akhale mpaka kumapeto, apemphe chilolezo china, chokhala kwakanthawi. Chimenecho sindipereka ine. Mapepala amapita ku Blantyre."

"Ku Blantyre kwa ndani, ndikamuone?"

"Kulibe woti mukamuone, agogo. Amangoyankha."

Zithunzi tinajambulitsa tsiku lomwelo kuti asatulukenso kawiri. Zotsalazo ndinayendera ine: kalata ya imfa ya kuchipatala, kalata ya a shehe yonena za ukwati, ndi kalata yanga yonena kuti ndikumusunga ndine. Imeneyo analemba amayi a taipi, koma dzina langa pansi ndinalemba ndekha, la ku sukulu ya kwacha, linakwera chokhotakhota ngati msewu wa kuphiri. Anatipatsa kapepala kosonyeza kuti tapempha. Ndinati, "Akakana?" Anati, "Akakana, ayenera kutuluka."

Ndinatenga zitini ziwiri za mkaka. Amayi a taipi anandiwerengera. M'chimodzi tinaika nyemba, nyemba imodzi tsiku limodzi la eda. M'chinacho chimanga, njere imodzi tsiku limodzi la chidindo. M'mawa uliwonse ndikatha kuswali, ndinkachotsa nyemba imodzi, chimanga chimodzi. Nyemba zambiri, chimanga chochepa. Ukagwedeza cha nyemba, chikuti tswatswa, cholemera. Ukagwedeza cha chimanga, chikuti kochokocho, ngati mano a munthu wozizidwa.

Alubaini inakwana, achimwene anamasula mfundo yawo pamaso pa mbumba, palibe anaona msoko. Jekete sanaipereke kwa mwamuna aliyense, anaiika pamiyendo ya mdzukulu wanga. Anthu anabalalika, ife tinatsala ndi zitini.

Lolemba lililonse ndinkapita ku ofesi kuja. "Sizinabwere, agogo." Lolemba linalo, "Sizinabwere, agogo." Mpaka mlonda wa pageti anayamba kundiyankhiratu ndisanalowe, ndi mutu wokha. Achimwene ndikanatha kuwakhalira pakhonde mpaka atope. Azakhali ndikanatha kuwalirira. Koma uyu wa ku Blantyre, wopanda nkhope, wopanda khonde, ndimukhalire pati? Ndimuphikire chiyani? Kaya ndi mwamuna, kaya ndi mkazi, kaya anafedwapo, kaya mapepala athu ali pamwamba, kaya ali pansi pa a anthu ena, ine osadziwa. Ndinkangomupempherera, munthu wosamudziwayo, kuti adzuke bwino, mutu usamupweteke, ana ake asamukwiyitse m'mawa wa tsiku lotsegula envulopu yathu.

Tsiku lina ndinapeza mdzukulu wanga wasuzumira m'chitini, makutu aja ali tambalale.

"Anganga, chimanga chikatha tipita?"

Ndinati, "Tiye ukandithandize kusankha mbatata."

M'mawa umene ndinakwera phiri uja, m'chitini munatsala njere zinayi.

Ndiye ndinatsika, ine ndinatsika! Mbatata ndinaisiya, mwini wake akundikuwira, ndinati sungani bambo, mawa ndi tsikunso. Mawondo amene amandilirira pa mtunda uliwonse tsiku limenelo anaiwala ukalamba. Tauni yonse ili pansi panga, malata akung'anima, ine ndikutsika ndikuimba, chatuluka, chatuluka. Nditafika pampanda wathu ndinatseka pakamwa ndi dzanja, ndinameza nyimbo, ndinalowa mwaulemu monga ilowedwera nyumba ya eda.

Ndinakweza nsalu ya kuchipinda. Mpongozi wanga anali pamphasa, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja.

"Mwananga, wa ku Blantyre uja wayankha. Ukhala."

Anagwira phazi langa, anaikapo chipumi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinapita pathumba la chimanga, ndinatapa ndi manja awiri, khuthu m'chitini, ndinatapanso, khuthu, mpaka chinasefukira pansi, nkhuku zinalowa m'nyumba. Mdzukulu wanga akudumpha, "Anganga, chadzaza! Chadzaza!" Ndinati chadzaza mayi, chadzaza amayi anga, tsopano tiziwerenga nyemba zokha.

Nyembazo zinatha pa nthawi yake. Yomaliza anachotsa yekha mpongozi wanga, m'nyumba mwanga, monga anafunira. Anakhalanso nane masabata ena, kenaka abale ake anabwera, ndinawaperekeza kudepoti, kamwana kali ndi jekete m'manja. Zimenezo zinandiliza padera. Koma anawoloka ndi pasipoti yoyera, ndipo chaka chilichonse pa Idi amabwera, makutu aja akukulirakulira.

Tsiku la uthenga lija madzulo anthu anabwera. Panalibe ng'oma, panalibe nthungululu, tinangowiritsa tiyi wa jinja, tikuseka chapansipansi, ine nyimbo ikungozungulira kukhosi ngati njuchi m'botolo. Ndiwatchule onse monga timaitanirana, wina asadzati anganga anandiiwala.

Anabwera amayi a taipi, magalasi ali pamphuno, ndi anzawo awiri a Mvano. Anabwera achimwene a ku Sadzi, tepi idakali pakhosi, akuti ine ndinadziwa kale kuti zitheka, bodza lawo. Anabwera alamu anga, akazi awo, ndi mbale ya zitumbuwa. Anabwera azakhali a ku Chikamveka, akuti adzatenga ambulera yawo, koma anaiiwalanso. Anabwera amayi achikulire awiri a pamkeka aja, wamtali ndi wa ndodo. Anabwera a shehe, anaima pabwalo, anatipangira duwa, pemphero lathu la Chisilamu. Anabwera amake mapasa a benchi yoyandikana ndi yanga kumsika, amene ankandikutira saka. Anabwera amayi a matemba, amene ankagula kwa mwana wanga. Anabwera mlonda wa pageti la ofesi, atatsika panjinga, akuti lero ndagwedeza mutu chovomera. Ndipo kumapeto, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, anabwera bambo wa mbatata ndi mkazi wake, thumba langa lili pamutu, atatola yonse imene inagubuduka.